Jekete la Mkulu wa Zombo

Bambo amene ndayandikana nawo nyumba kuno ku Gosport ankalamula zombo zankhondo za dziko lathu la Britain. Lero amalamula maluwa okha. M'mawa uliwonse amapukuta nsapato mpaka kudzionerapo nkhope, chonsecho ulendo wake ndi wokataya zinyalala. Akandiona pampanda amavula chipewa n'kunena kuti, "Mphepo yatembenuka mayi, anulani zovala." Sanaphonyepo. Chimwalirire amuna anga, ndi iwo okha amene amandipatsa moni tsiku lililonse.

Jekete lawo la usilikali, la mizere yagolide m'manja, amalisunga kuti adzawaveke pa maliro awo. Banja lonse limadziwa zimenezi.

Ndiye Loweruka lapitali mkamwini wawo, Clive, anachititsa phwando pabwalo. Anatulukira atavala jekete lomwelo, mimba ili pamtunda, botolo la mowa kumanja.

"Nonse pamzere!" anakuwa. "Bambo, taonani, likundikhala kuposa inu!"

Alendo anafa nazo zoseka. Ine ndinkaonerera kuseri kwa mpanda, ukali utandigwira. Zoona munthu wamkulumkulu n'kusewera ndi chovala cha maliro cha apongozi ake?

Apongozi akewo anadzuka pang'onopang'ono, anatsamiritsa ndodo pampando, n'kuyamba kumumanga mabatani limodzilimodzi mpaka lomaliza.

"Ukalivala uzimanga, mwanawe," anatero. "Ndinavala limeneli potsitsira m'nyanja mitembo ya asilikali anga. Iwo sanalionepo lili chotsegula."

Clive analivula msangamsanga, msuzi wa nyama utadontha kale pakolala. Alendo atabalalika ndinakagogoda pachitseko chawo, koyamba chikhalire, nditanyamula sopo ndi kansalu.