Ziro ya Esinati

A Mbewe, mnzanga wa pa bawo, anandinyoza pagulu kuti nzeru zanga zinapuma ntchito limodzi ndi choko. Ine amene! Anatulutsa kapepala ka mayunitsi a magetsi, ka manambala makumi awiri ondondozana.

"Aphunzitsi, naini angalowe m'nambala iyi osatsala kanthu? Foni yanga yakana, akuti yatalika."

Ndinaphatikiza manambalawo chamumtima, anakwana 90. "Alowa," ndinatero.

Iwo anagawa pansi ndi kamtengo mpaka thukuta kamukamu, ndipo sipanatsale kanthu. Anthu anaomba m'manja.

"Mwachita bwanji?" anafunsa a Mbewe.

"Mutu uwu, achimwene!"

Linali bodza. Njirayi ndi ya Esinati, mtsikana amene ndinkamuphunzitsa sitandade 7 kuno ku Domasi. Analemba pamayeso kuti ukaphatikiza manambala, yankho n'kugawika ndi naini, ndiye kuti nambala yonseyo igawikanso. Ndinamupatsa ziro, n'kulembapo ndi inki yofiira kuti "Ulesi!" Pepalalo lili m'sutikesi mwanga, poti ine sinditaya pepala.

Dzulo ndinalitulutsa, ndinafufuta ziroyo n'kuchonga. Koma a Mbewe asamve, akundivulirabe chipewa.