Miyezi Isanu Foni Yanga Ili M'sutikesi ya Tsamwali

Foni ija anandipatsa ndi mwana wanga wamkazi, amene amasoka zovala ku Chipata. Inali yoti wina anaigwiritsapo kale, yong'aluka pang'ono pakona, koma m'mudzi mwathu ku Pembamoyo munalibe wina amene anali ndi yotere. Kuti itseguke sipankafunika kudina manambala. Ndinkangoiyang'ana, iyo n'kutseguka. Mwana wanga anaikonza choncho dala podziwa kuti manambala ndimaiwala. Anandikhazika pakhonde, n'kundiuza kuti ndizizungulitsa mutu pang'onopang'ono mpaka foniyo itaidziwa nkhope yanga. Kuyambira tsiku limenelo, wina aliyense akaitenga inkakana, ngakhale amuna anga.

Ndinaikonda kwambiri. Tikaweruka kumunda ndinkakhala kuseri kwa nkhokwe, pamene netiweki imagwira bwino, n'kumaonera zithunzi za mdzukulu wanga akuphunzira kuyenda. Tinalinso ndi gulu la achibale limene tinkatumizirana mauthenga. Maliro, ukwati, matenda, zonse ndinkamva tsiku lomwelo, osadikira munthu wobwera pa njinga.

Maso anayamba kundivuta chaka chotsatira, mvula itangoyamba. Sankapweteka. Kutsogolo ndinkaona bwinobwino, koma cha kumanzere zinthu zinkangotulukira mwadzidzidzi. Ndinkagunda phewa pa felemu ya chitseko chimene ndadutsapo zaka zambiri. Tsiku lina pobzala nshawa ndinadumpha mzere wathunthu osauona, mpaka amuna anga anandifunsa ngati ndikuwodzera.

Munthu woyamba amene ndinamuuza anali tsamwali wanga. Iyeyu anabwera kwathu ali kamtsikana, pothawa nkhondo ku Mozambique ndi mayi ake, amene anali atabereka khanda kumbuyo. Mayi anga ndi amene anawaonetsa malo omangapo, kumunsi kwa dimba lathu. Tinakulira limodzi, tinavinidwa limodzi, ndipo pobadwa mwana wanga woyamba ndi iye amene anandigwira mapewa. Atakula anayamba kuthandiza pa kiliniki yathu masiku a sikelo ya ana, choncho pa nkhani za matenda anthu m'mudzi ankamumvera. Ine ndinkamumvera kuposa onse.

Nditamufotokozera anangoti aganizirapo. Patapita masiku angapo anabwera masana, ine ndikusankha nyemba. Ananditengera m'nyumba, n'kutseka chitseko ndi zenera kuti mukhale mdima. Anandiuza kuti ndigwire foni yanga ngati ndikufuna kuitsegula, iye n'kuloza kamera ya foni yake pamwamba pa yangayo. Kenako anandionetsa zimene anajambula. Pamalo pamene maso anga sankaonapo kanthu, pankaphethira kakuwala kofiirira, mofulumira ngati mtima wa kamwanapiye.

"Waona?" iye anatero. "Kamoto aka ndi kamene foni imaonera nkhope yako. Iwe sukaona, koma kamakulasa m'maso nthawi iliyonse ukatsegula. Nanga patsiku umatsegula kangati?"

Ndinachita mantha. Ndinali nditaona ndekha, ndiye ndikanatsutsa chiyani? Amuna anga atabwera ndinawauza, ndipo anavomereza msanga. Anati nawonso anali atamvapo zoterezi, ndiponso kuti maso sagula pamsika. Ndikukumbuka kuti mtima wanga unasangalala, chifukwa sanali munthu wokonda kuda nkhawa ndi thupi langa. Ndinati ndingoibisa m'chikwama cha zovala, koma tsamwali anakana. Anati ikakhala pafupi ndidzalephera kupirira. Anaizimitsa, n'kuikulunga m'kansalu, n'kupita nayo kwawo kukaiika m'sutikesi yake.

Inakhala kumeneko miyezi isanu.

M'miyezi imeneyo amuna anga ankapita kawirikawiri ku Zingalume ndi ngolo yawo, kukanyamulira anthu katundu. Kale ankabwerako tsiku lomwelo. Tsopano ankagona komweko masiku awiri kapena atatu, n'kumati ng'ombe zatopa ndipo njira yaipa ndi matope. Mwana wanga akafuna kundilankhula ankaimba pa kafoni kakang'ono ka atate ake. Iwo ankakagwira okha m'manja, atakweza mawu kuti tonse tizimva, amvekere kafoni kawo kamavuta kukagwira. Mwanayo ankangondipatsa moni, kufunsa za mvula, basi n'kutsazika. Mawu ake anali ozizira. Ndinkaganiza kuti wakhumudwa poti ndataya mphatso yake.

Maso sanachire. Kumanzere mdima unkayandikira pang'onopang'ono. Ndikamuuza tsamwali ankati kuwalako kunalowa kwambiri, sikungatuluke mwezi umodzi. Ankandilangiza kuti ndizisukusula ndi madzi ofunda komanso kuvala chipewa kumunda. Kawiri konse ndinamuuza kuti ndikufuna ndikaonane ndi anesi. Anandiletsa. Anati iye amagwira nawo ntchito ndipo akudziwa kuti za maso alibe nazo zida, akangondipatsa timapiritsi ta mutu, ndingovutika ulendo. Ndinakhala pansi n'kumadikira.

Nthawi yokumba nshawa itafika, tsiku lina ndinkachokera kumunda nditasenza dengu. Pamene kanjira kathu kamakumana ndi njira yopita kuchigayo, ndinamva belu la njinga. Ndinayang'ana, osaona kanthu, n'kuponda. Bambo wina amene ananyamula matumba awiri a chimanga anandiomba kuchokera kumanzere. Chitsulo cha njingayo chinanditema pa msongolo. Bamboyo anali munthu wabwino. Anatsitsa matumba ake pambali pa njira, n'kundikweza pa njinga mpaka ku kiliniki. Njira yonse ankangodandaula kuti anali poyera, ndipo sakumvetsa kuti sindinamuone bwanji.

Anesi atanditsuka bala anandifunsa funso lomwelo. Ndinawauza za maso, ndiponso kuti foni imene inandiwononga ndinaisiya kalekale. Anasiya kumanga bandeji, n'kundiyang'ana.

"Kodi ndinu amene mnzanu uja ankanena?" anandifunsa. "Anabwera kudzandifunsa zimenezi mvula itangoyamba. Ndinamuuza kuti kuwala kwa foni kumeneko sikuwononga maso, ndipo ndinati akubweretseni sabata yomweyo ndikulembereni kalata ya ku boma. Nditamufunsanso anati mwakana."

Ndinkangoyang'ana bandeji ija ikuzungulira mwendo wanga.

Patapita masiku awiri ndinakwera minibasi ndekha kupita kuchipatala cha ku boma ku Chadiza. Adokotala a maso anandidonthezera mankhwala, n'kundiyeza ndi makina awo nthawi yaitali. Anandifotokozera modekha kuti m'diso mumakhala madzi, ndipo mwa anthu ena madziwo amalephera kutuluka bwino, n'kumafinya mtsempha woonera mpaka kuupha. Anati matendawa sapweteka, amayambira m'mbali, ndipo amayenda m'magazi a pabanja. Apa ndinakumbukira amalume anga amene anamwalira ali osaona. Za foni anati kuwala kuja kulipodi, koma n'kofooka kwambiri, ndipo dzuwa limene limandiwomba ndikamapalira lili ndi kuwala kwa mtundu womwewo kochuluka kuposa pamenepo. Ndinawafunsa ngati diso lamanzere lingabwerere. Anati mtsempha ukafa sudzuka. Ndinawafunsanso kuti ndikanabwera mvula itangoyamba zikanatha bwanji. Sanafune kundilonjeza zimene zinapita kale, koma anati mankhwala amateteza zimene zatsala, ndipo nthawi imeneyo zotsala zinali zambiri kuposa lero.

Nditatsika minibasi sindinapite kunyumba. Ndinapita kwa tsamwali. Ndinamupeza akuyanika nshawa pabwalo. Ndinangoti ndabwera kudzatenga foni yanga. Anayamba kunena za maso, koma ataona kabotolo ka mankhwala ndi kalata yakuchipatala m'manja mwanga anasiya. Analowa m'nyumba n'kuitulutsa, idakali m'kansalu komwe kaja.

Ndinaitchaja pa sola yathu, n'kupita nayo kuseri kwa nkhokwe. Mauthenga analowa ambirimbiri mpaka foni inatentha m'manja. Ndinayamba ndi a mwana wanga. Woyamba anautumiza patangopita masiku atatu foniyo itachoka m'nyumba mwanga. Ankati, "Amama, anthu akunena kuti atate akwatira ku Zingalume. Kodi mukudziwa?" Panali ena ambiri pambuyo pake. Mu umodzi ankalira, kufunsa chifukwa chake ndikumubisira. M'gulu la achibale munali chithunzi cha amuna anga atakhala pampando pakhomo pa nyumba ya njerwa, atavala malaya amene ndinawachapira ndekha. Pambali pawo panali mkazi amene ndinkamudziwa bwino. Anali mng'ono wake wa tsamwali, khanda lija linabwera lili kumbuyo kwa mayi ake pothawa nkhondo, amene amuna ake anamwalira zaka zingapo zapitazo.

Ndinamuimbira mwana wanga. Anati atate ake anamuuza kuti nkhani yonse ndikuidziwa, ndinavomera, koma sindikufuna kuti aliyense aitchule, n'chifukwa chake ndazimitsa foni. Achibale ena anauzidwanso zomwezo. Amene ankakumana nane kutchalitchi ankandiyang'ana mwachisoni n'kukhala chete pondilemekeza. Ine ndinkaganiza kuti akumvera chisoni maso anga.

M'mawa mwake tsamwali anabwera yekha. Anakhala pansi pakhonde, patali pang'ono ndi ine. Anati mng'ono wake anatsala ndi ana atatu popanda womulimira, ndipo iye monga mkulu sakanatha kumukaniza mwayi. Anati amuna anga analonjeza kuti adzandiuza okha tikakolola, ndipo chimene chinkafunika n'chakuti ndisamve kwa anthu ena nthawi isanakwane. Ndinamufunsa za zimene anesi anamuuza.

"Ukanapita ku kiliniki akanakuuza kuti foni ilibe vuto," anatero. "Ine ndinkaganiza kuti ndi ukalamba chabe, ngati mmene tonse tikuvutikira kulowetsa ulusi pa singano. Sindinkadziwa kuti diso lingafe."

"Unkandiona ndikugunda zitseko," ndinamuyankha. "Kawiri ndinakupempha."

Analira. Ine misozi sinabwere. Ndinamuuza kuti apite, ndili ndi nshawa zoti ndithothole.

Amuna anga atabwera kuchokera ku Zingalume anati nzeru ya foni inali ya tsamwali, iwo anangovomera. Tsamwali anauza ankhoswe kuti amuna anga ndi amene anamutuma. Mpaka lero sindikudziwa amene anayamba, ndipo ndinasiya kufufuza. Ankhoswe atakhala pansi ankayembekezera kuti ndidandaula za mitala. Ndinawauza kuti akazi ambiri m'mudzi muno ali pa mitala ndipo akukhala, mwina inenso ndikanakhala, sindikudziwa. Chimene ndinakana n'kugona nyumba imodzi ndi munthu amene ankandiona ndikuchita khungu n'kumandiuza kuti ndivale chipewa. Mudzi ndi wathu, munda ndi wa mayi anga. Amuna anga anali mkamwini. Anamanga ng'ombe zawo pa ngolo, n'kulongedza zovala ndi makasu awiri, n'kupita.

Bodza lija linali litafalikira kale. Amayi awiri a kutchalitchi kwathu anali ataletsa ana awo kuwagulira mafoni otere, ndipo wina anandifunsa ngati n'zoona kuti foni inandipha diso. Ndimawayankha zimene adokotala anandiuza, ndipo amene akuti sakuona bwino ndimamuuza kuti apite akayezedwe sabata yomweyo. Za amene anandinamiza sindinena. Amadziwa okha.

Diso lamanzere limaona pang'ono chabe, ngati munthu akusuzumira pa kabowo. Lamanja likugwirabe. Ndimadontheza mankhwala m'mawa ndi madzulo, ndipo miyezi ingapo ikadutsa ndimapita ku boma kukayezetsa. Mwana wanga anayezetsanso, ndipo anamupeza ali bwino.

Chaka chatha mayi ake a tsamwali anamwalira. Iwo sanandilakwire chilichonse, ndipo ndili mwana ankandiphunzitsa nyimbo zakwawo, choncho ndinapita. Ndinatunga madzi ndi amayi anzanga, ndinaimba nawo, ndinaperekeza maliro mpaka kumanda. Mng'ono wake wa tsamwali analipo, amuna anga akale analiponso kumbali ya abambo. Pobwerera tsamwali anandipeza panjira n'kundifunsa kuti maso ali bwanji. Zaka makumi anayi tinkaitanana kuti iwe, koma tsikulo ndinamuitana kuti inu. Ndinamuyankha kuti ali bwino, n'kumuuza kuti pepani ndi maliro, mulimbe mtima. Anaima pomwepo. Ine ndinapitiriza ulendo, chifukwa dzuwa linali litapendeka ndipo kukayamba kuda njira sindiiona bwino.