Chipupizira cha Chigayo pa Galimoto ya Amalume

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ku Ntengo-Wambalame kunali sewero. Kunabwera ogula zitsulo zakale, azakhali n'kuwalozera galimoto ya amuna awo, amalume a Zefaniya, ija nkhuku zimaikiramo. Amalume anakakhala pamwamba pake, ati muyambe mwagula ineyo.

Ana a dzana inu simukudziwa. Nthawi ya nkhondo amalume anamva kuti motolo, injini ija, ukamalandira mpweya wambiri, galimoto imauluka. Anamasula chipupizira pa chigayo chakufa n'kuchimangirira ku motolo ndi lamba wachikopa. Kuchitsuka ayi.

Tsiku lothawira ku Malawi, ine ndili pamwamba pa matumba a mbatatesi, chinthucho chinauzira gaga yense mu motolo. Utsi kuti tolo, fungo ngati chigumu chopserera, galimoto n'kuzima pachitunda. Azakhali anatsika, nasenza mtolo wawo, n'kukafika kumalire ife tikukankhabe.

Lero amalume akuti, "Nzeru inali yabwino, analakwa ndi gaga."

Azakhali akuti, "Anzanu ankathawa nkhondo, inu munkaphika."

Kenako amalume anasisita chitseko chadzimbiri chija, nati chapansipansi, "Koma tonse tinafika amoyo." Ogula aja abwerera chimanjamanja.

Ndiye abale mukuti bwanji, tigulitse kapena nkhuku zipitirize kuikira?