Chithumba cha Mapeleti Oyandama

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinkalumbira kuti mu Salford monse, tauni ya kuno kwa azungu komwe tinasamukira, munalibe wogulitsa woti n'kundipusitsa. Luso lonenerera ndinachoka nalo ku Limbe, komwe ndinkaperekeza amayi kumsika: katundu umuyang'ane ngati wakunyansa, utchule mtengo wamwano, kenako uyambe kuchoka pang'onopang'ono mpaka akuitane.

Holide ya chaka chimenecho dzuwa linkachedwa kulowa, ndipo anyamata a mumsewu mwathu ankaswera ku kanalo, ngalande yaikulu ya madzi yodutsa m'tauni, ndi mbedza zawo. Akakola nsomba ankaijambula n'kuibwezera m'madzi, zimene bambo anga ankati ndi misala ya anthu okhuta. Bambowo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo pakhomo tinkawaona ngati mlendo: kufika n'kugona, kudzuka n'kupita. Nditawachonderera kwa nthawi yaitali anandipatsa Loweruka limodzi, ndipo ndinkadziwa kuti likapanda kuwakomera lachiwiri sindidzaliona. Iwo anati tikumbe nyongolotsi kuseri kwa nyumba. Ine ndinati kuno nyambo ndi mapeleti, timibulu ta chakudya cha nsomba, ndipo zogula andisiyire ine katswiri.

Shopu ya zowedzera inkanunkha ngati usipa wovumbwidwa ndi mvula. Mapeleti anali mbwee, ena ngati mapira, ena ngati nandolo, ena akuda onona mafuta othimbirira m'zala. Mwini shopu, mzungu wachikulire wa magalasi olendewera pamphuno, anandisonyeza kapaketi kakang'ono nati nsomba za mu kanalo zimafuna amenewo. Koma maso anga anali atagwera kale pa chithumba chong'ambika chomata ndi tepi, chili pakona. Nditachiloza anapukusa mutu, akuti amenewo ndi a nsomba zoweta m'timadamu ta pakhomo, sangandithandize. Mumtima ndinaseka. Kwathu wogulitsa akamakukaniza chinthu ndiye kuti chabwino n'chomwecho. Ndinakwinya nkhope, ndinadandaula za pong'ambika paja, ndinayamba kulowera kukhomo. Sanandiitane. Ndinabwerera ndekha ngati ndaiwala kanthu. Pomaliza anatsitsa mtengo, mwina pongofuna kuti ndimuchoke, ndipo ndinakwera basi nditachikumbatira chithumbacho, chifuwa chili patsogolo.

Loweruka lija tinakhala pa udzu wonyowa pafupi ndi mlatho, kamphepo kakununkhira matope ndi tchipisi cha m'shopu ya kutsidya. Ndinatapa dzanja lodzaza n'kumwaza m'madzi monga ankachitira anzanga, kuti mapeletiwo amire akaitane nsomba pansi. Sanamire. Anayandama onse, ndipo kunsi kwa mlatho kunatulukira abakha, poyamba awiri, kenako mtundu wonse ndi azilamu awo omwe, akulimbirana pomwe panali chingwe changa. Bambo anayang'ana madziwo, anayang'ana ine.

"Akulu," anatero, "ndiye mwandidzutsira kudzaweta abakha a boma?"

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Ndinali ndisanawamvepo akuseka chotero chifikireni m'dziko lino.

Nsomba sitinaione. Pobwerera ndinafuna kusiya chithumbacho pa bini, koma bambo anakana: chinthu chogula sichitayidwa, tidzabweranso mpaka chithe. Ndipo chinali chithumba ndithu. Anayamba kusinthana masiku ndi anzawo kuntchito, Loweruka lililonse tili ku kanalo, ine ndikumwazira abakha kutali kuti atipatse mpata, iwo akuwedza ndi nyongolotsi za m'chitini cha majarini, akundisimbira za maiwe a mtsinje wa Domasi komwe anakulira. Tinsomba tomwe ankakola ankatibwezera m'madzi, koma mong'ung'udza, atatiyeza kaye ndi maso ngati tingakwane ndiwo. Mapeleti anatha masamba atayamba kuyoyoka.

Shopu ija lero ndi yometera tsitsi, ndipo bambo miyendo siiwalolanso kukhala pa udzu. Ine kunenerera sindinasiye, ngakhale pogula galimoto, kungoti wogulitsa akati ichi sichikuthandizani ndimayamba ndafunsa chifukwa chake. Mzungu uja anachotsa katundu amene anamukanirira, abakha ananenepa, ine ndinaononga ndalama n'kupata bambo anga holide yonse. Inu mukaona, anadya mnzake pamenepa ndani?