Mapiritsi Ofiira a Selina

Amene munakwerapo msewu wa ku Chawe mukumudziwa Selina, ngakhale dzina lake simulidziwa. Ndi mayi uja wamtali, wowonda ngati nsungwi, wogulitsa mabulosi ndi magalagadeya pakona musanafike ku damu la Mulunguzi. Madengu athu amakhala moyandikana, ndiye zake tikuzidziwa kuposa mmene mwini wake amafunira.

Agogo ake anachokera ku Mozambiki wapansi, choncho kuyenda n'kwa kumtundu. Sukulu anaisiyira sitandade sikisi, n'kukwatiwa ndi a Yakobo ocheka matabwa, ndipo ali ndi mwana mmodzi, Luso. Amakhala ku Chinamwali, m'nyumba ya zipinda ziwiri yoyang'anana ndi ya Monalisa, mnzathu wapakona pomwepo.

Kuthamanga sanakuphunzire kwa munthu, anakuyamba ndi dyera. Galimoto za alendo zili ndi khalidwe lake: zimatidutsa kaye, kenako mayi wa m'katimo n'kukumbukira kuti akufuna mabulosi, galimoto n'kukaima kutali chokwera. Apo ndiye tonse timadzambatuka ndi mbale m'manja. Kale woyamba kufika pawindo ankakhala Monalisa. Chibwerereni Selina, Monalisa amafika anthu akupukuta kale pakamwa.

Tsiku lina Che Stambuli, mkulu wopuma usilikali amene amaphunzitsa anyamata kuthamanga mumsewu womwewo, anaona Selina akudutsa anyamata ake onse chokwera, beseni lili pamutu, chitenje chili m'chiuno. Akuti anayang'ana wotchi yawo kawiri, n'kuigwedeza poganiza kuti yafa. Sabata isanathe Selina anali m'timu. Anam'patsa nsapato zothamangira ndi thirakisuti yabuluu, pomwe ife amene takhala pakona imeneyo zaka khumi palibe anatipatsako ngakhale sokosi imodzi. Tinangoona kuti thirakisutiyo siimukhala.

Mu Febuluwale a Yakobo anapita ku Chikangawa, poti mitengo yocheka kuno yachepa. Selina anatsala ndi mwana ndi miyendo yake, akukonzekera mpikisano wa ku Blantyre wa mu Seputembala, wa makilomita makumi awiri ndi imodzi. M'mawa kuthamanga, masana kugulitsa, madzulo kuthamanganso. Kudya kwake kunali kwa tonsefe, tiyi ndi mbatata, nthawi zina chinangwa chokazinga cha pamsewu. Pofika mu Juni munthu uja anayamba kufooka. Akakwera pang'ono wefuwefu, akaimirira chizungulire, ndipo tinam'peza kuseri kwa mtengo akutafuna dothi la pachulu ngati akudya bisiketi.

Che Stambuli anam'kokera chikope pansi, n'kuona m'maso muli mbuu, n'kumutumiza kuchipatala. Kumeneko anamubaya chala n'kumuuza kuti magazi achepa, zimene akuti zimawachitikira amayi ambiri othamanga mitunda italiitali. Dothilo akuti ndi thupi lomwe likulira magazi. Anam'patsa timapiritsi tofiira m'kapepala kapulasitiki, kamodzi patsiku, osamwera tiyi koma chipatso chowawasa. Anamuuzanso kuti azidya nyemba, bonongwe, usipa, mazira, ndi chiwindi akachipeza. Chiwindicho Che Stambuli anadzipereka okha. Lachisanu lililonse akatuluka mumzikiti ankadzera ku butchala, n'kubwera nacho pakona chokulunga m'nyuzipepala.

Tsono inu, mayi aliyense wa ku Chinamwali amawadziwa mapiritsi ofiira aja. Timawalandira ku sikelo, ndipo palibe kwina kumene tinawaonapo. Monalisa atangowaona akugwa m'chikwama cha Selina anakhala chete tsiku lonse, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire chake. Mawa lake anayamba kuwerenga pa zala. Dothi. Chizungulire. Mseru wam'mawa, poti mapiritsiwo ankam'dula mtima Selina. Mapiritsi a ku sikelo. Ndiye mwamuna wachilendo wogula chiwindi, pomwe mwini nyumba ali ku mpoto mwezi wachisanu. Chala chachisanucho ankachigwira nthawi yaitali.

Ena tinayesa kunena kuti mimbayo bwanji siikuoneka. Monalisa anati othamanga amaibisa kumsana. Titamuona Selina akusenda dzira lowiritsa, amayi achikulire anagwira pakamwa, amvekere mwanayo adzabadwa wopanda tsitsi. Monalisa anati zingakhale bwino, poti Che Stambuli nawonso ndi adazi, aliyense adzadzionera yekha.

Selina ankamva zonsezi. Anangotiuza kamodzi kuti ndi mankhwala a magazi, ife n'kuvomera kuti eya, ifenso ku sikelo anatiuza choncho.

A Yakobo anabwera kumapeto kwa Ogasiti, atawonda, khosi litatalika, atanyamula chikwama ndi wailesi yatsopano. Munthu woyamba kukumana naye potsika minibasi anali Monalisa, ndipo sindikhulupirira kuti zinangochitika. Anawalandira chikwama mwaulemu wonse, mpaka kupinda bondo.

"Takulandirani alamu. Komanso tikuthokozeni, Luso wapeza mnzake wosewera naye. Kaya munatumiza pa foni?"

A Yakobo sukulu sanapite nayo patali koma miyezi amaidziwa kuwerenga. Atalowa m'nyumba sanafunse za mwana kapena za madzi osamba. Anagwedeza zikwama zonse mpaka kapepala ka mapiritsi kanagwa, n'kukaika patebulo ngati apolisi apeza chamba. Nyumba yanga ndi yawo n'zogundizana, khoma lake la njerwa imodzi, choncho zotsatira tinazimva bwinobwino. Anafunsa kuti mwini wake ndani. Selina anati mwini wa chiyani. Anafunsa za chiwindi, kuti mwamuna amene sanakudyere nkhuku ya chinkhoswe amakugulira chiwindi ngati ndani. Selina anati ngati kochi. Iwo anati ku Chikangawa aona makochi ambiri a mpira, palibe amene amagulira osewera ake chiwindi.

Mapeto ake anatenga nsapato zija n'kukazibisa, n'kulamula kuti za ku Blantyre ziiwalike. Akapita, apitiretu ndi katundu wake, ukwati uthere pomwepo. Mpikisano unali utatsala masabata awiri.

Selina sanalire, mwina misozi nayo imafuna magazi. Anangoti, "Bambo a Luso, mawa muvale malaya abwino. Tipita ku sikelo limodzi, mukafunse nokha."

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kwa mng'ono wanga, amene anali pamzere ndi pakati pake penipeni. Masiku ano mwamuna akaperekeza mkazi ku sikelo amalandiridwa ngati nduna, ndipo banjalo limalowa patsogolo. A Yakobo atangotulukira, nkhope ili gwa, amayi onse anawomba m'manja, ena mpaka nthungululu. Anesi anawaimika kutsogolo n'kuuza gulu lonse kuti awa ndiye abambo achitsanzo, amuna anu aziphunzirako. A Yakobo anayesa kunena kuti iwo abwerera mlandu, koma amayi anali atayamba kale nyimbo.

M'kachipinda, Selina anapereka mkodzo, ndipo pasanathe nthawi anesi anati palibe mimba pano, ngakhale ya sabata imodzi. A Yakobo anatulutsa kapepala kaja m'thumba n'kufunsa kuti nanga munthu wopanda pakati amamwa bwanji mapiritsi a ku sikelo. Anesi anati mapiritsiwo sadziwa za pakati, amadziwa za magazi basi, ndipo amaperekedwa kwa aliyense amene magazi ake achepa. Akulankhula choncho maso awo anali pa dzanja limene linagwira kapepalako.

"Bambo, tatambasulani chikhathocho. Mwadwalapo posachedwa?"

Anavomera kuti malungo anawagwetsa kawiri kutchire kuja, ndipo ndiwo zawo miyezi yonseyo zinali soya ndi mchere. Anawabaya chala. Magazi awo anapezeka otsika kuposa a mkazi wawo, amene anali atayamba kale kuchira. Anatuluka m'chipatala muja aliyense ndi kapepala kake, kofanana ndendende, ndipo a Yakobo akuti kawo anakalowetsa mu sokosi.

Sokosi siibisa nkhani. Pofika ku Chinamwali anapeza yawatsogolera. Anyamata a kabaza anawaitanira njinga, amvekere kwerani madala, tiyenda pang'onopang'ono, sitikugwedezani. Mayi wogulitsa mandasi anawafunsa ngati ayamba kale kulakalaka dothi. Monalisa, amene bwenzi atabisala ndi manyazi, ndiye anatuluka pakhomo n'kufunsa mokweza kuti alamu, mwezi wachingati, tiyambe kusoka matewera?

Mungaganize kuti apa nsapato zinabwezedwa. Ayi ndithu. Manyazi anawaumitsa mtima kuposa kale. Anati chabwino, mimba palibe, koma chiwindi chinadyedwa, ndipo mwamuna sagula chiwindi chaulere. Masiku anapita asanu Selina osathamanga. Ankakhala pafupi nafe pakona, mapazi ali m'patapata, akuyang'ana anzake a m'timu akudutsa. Ndinene zoona, ena mwa ife zinatikomera. Koma munthu amene wazolowera kumuchitira nsanje akakhala phee ngati nkhuku yonyowa, ngakhale mabulosi sakoma kugulitsa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Che Stambuli anafika pakhomo pa a Yakobo masana dzuwa likuswa mtengo, kuti aliyense aone. Anaodira, anakhala pa mpando umene anapatsidwa, n'kufunsa za ulendo ndi za malungo. Kenako anapepesa kuti analakwa kudyetsa mkazi wa mwini osapempha, ndipo anati iwo ali ndi akazi awo ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi, za chibwana anasiya kalekale.

"Achimwene, ine chimene ndikufuna kwa alamuwa ndi miyendo yokha."

Apa ndiye anaononga. A Yakobo anaimirira n'kufunsa kuti miyendoyo aifuna aitani. Zinatenga theka la ola, ndi thandizo la abusa amene ankadutsa, kuti amvetsetsane kuti akunena za liwiro. Potsiriza Che Stambuli anati ngati mtima sukukhazikika, m'minibasi ya timu muli malo, a Yakobo apite nawo akadzionere okha.

A Yakobo anangowaperekeza mpaka pamsewu. Koma m'mawa mwake Selina anapeza nsapato pakhomo, zili bii, poti zinagona sabata yonse m'thumba la makala. Anazichapa katatu koma kuyera kwake sikunabwerere.

Tsiku la ulendo a Yakobo anali oyamba kufika pa siteji, atavala jekete la ukwati. Anadikira kuti Selina akhale pawindo, iwo n'kukhala pambali pake, n'kuika chikwama mbali inayo kuti pasakhale munthu. Che Stambuli anakhala kutsogolo ndi adalaivala ndipo akuti sanacheuke mpaka ku Limbe.

Selina anamaliza wachisanu mwa amayi onse, munthu wa pakona yathu, wodya mbatata ngati ife tomwe. Selina atadutsa mzere, Che Stambuli anaiwala ukulu wawo ndi ulemu wonse uja, anathamanga manja ali tambasu akukuwa dzina lake. A Yakobo, ndi magazi awo ochepawo, anadumpha chingwe n'kudziponya pakati. Mkulu uja analephera kuima.

Chithunzi chake chilipo, wina wa m'timu anajambula pa foni ndipo chazungulira Chinamwali yense. Chikuonetsa amuna awiri atakumbatirana zolimba, wina akuseka, wina atatseka maso ndi kukukuta mano. Kumbuyo kwawo kuli Selina, atawerama, manja ali m'mawondo, akudikira kuti mwina mmodzi wa iwo akumbukira kum'patsa madzi. Selina ndi a Yakobo anabwerera kunyumba onse awiri, pa mpando umodzi, ndipo katundu wa Selina sanatuluke m'nyumba ija.