Nang Prosing ndi Malire a Nkhono

Nang Prosing Calunsag (Nang ndi dzina laulemu la mayi wachikulire kwathu kuno) anakhala mlembi wa bungwe lathu la asodzi, kuno pachilumba cha Bohol, kwa zaka 27. Ntchito yawo inali yosoka. Bwato sankakwera chifukwa linkawachititsa chizungulire. Analowa m'bungwe m'malo mwa amuna awo atamwalira, ndipo tinawapatsa cholembera poti enafe timalemba ngati nkhanu yayenda pamchenga. Malamulo oyendetsera misonkhano anakawaphunzira masiku atatu kumzinda wa Tagbilaran. Anzawo anabwerako ndi malaya aulere. Iwo anabwerako ndi kabuku, n'kukawerenga mpaka kuthothoka.

Chaka china mu Marichi tinamanga mfundo yotseka mbali ina ya nyanja kuti nsomba ziziswana. Mawu ake anali akuti kuchokera pamchenga mpaka pazigubu zoyandama, munthu asatengemo chamoyo chilichonse. Tinakweza manja, a Prosing analemba, tinabalalika. Tonse maganizo anali pa maukonde. Palibe anakumbukira amayi amene amatola nkhono pamiyala madzi akaphwa. Ngakhale a Prosing sanakumbukire.

Mmodzi mwa amayiwo anali Luming, mng'ono weniweni wa a Prosing, wamasiye wolera zidzukulu zitatu. Ndiwo za m'nyumba mwake zinali nkhonozo. Sabata yomweyo mlonda wa nyanja anamulanda dengu n'kukhuthulira nkhono m'madzi. Mlondayo ndinali ine. Mfundo inatero.

Wapampando wathu, Noy Tasyo (Noy ndi dzina laulemu la bambo), anali wachifundo koma wokonda zachidule. Ananditenga kupita kwa a Prosing, tinawapeza ali pamakina osokera.

Noy Tasyo anati, "Nang, buku lili ndi inu. Ikanipo timawu titatu: kupatula otola nkhono. Adziwa ndani?"

"Ine," anayankha a Prosing.

"Ndi mng'ono wanu amene uja, Nang!"

"Ndikumudziwa, ndinkamubereka kumbuyo. Mawu amenewo alipo anawanena pamsonkhano?"

"Tinawanena mumtima."

"Za mumtima kauzeni ansembe. Ine ndimalemba za pakamwa."

Makina analiranso. Tinatuluka.

Timakumana Lamulungu loyamba la mwezi, Misa ikatha. Mu Epulo tinasonkhana anthu 24. Luming sanali membala, choncho anaima pakhomo. Noy Tasyo ankafuna kuti tivote nthawi yomweyo, koma Boyong Amplayo anaimirira. Boyong sanali munthu woipa. Ndiye anamenyera nkhondo kuti nyanja itsekedwe, ndipo ankaopa kuti ntchito yake ipita pachabe.

"Nkhani imeneyi inatha," anatero Boyong. "Lero nkhono, mawa ukonde. Chomangidwa chamangidwa."

"Chomangidwa chimasinthidwa, Boyong, ndipo membala aliyense angapemphe," anatero a Prosing. "Koma tikasintha lero, anthu asanachenjezedwe, pafunika manja awiri mwa atatu alionse. Tikapereka chidziwitso lero, mwezi wamawa ngakhale kuposa ndi dzanja limodzi kwakwana."

Kenako anaweramira kwa wapampando. Ndinali pafupi, ndinamva.

"Muli ndi manja 14. Pakufunika 16. Mukavota lero mugwa, ndipo wogwa anthu amamuthawa."

"Mwawerenga liti?"

"Akazi awo amasoketsa kwa ndani?"

Noy Tasyo anakanda mutu. Chidziwitso chinaperekedwa ndipo chinalembedwa: pamsonkhano wa Meyi padzabwera pempho losuntha malire kuchoka pamchenga ndi mikwamba makumi atatu, kuti miyala ya nkhono ikhale kunja.

Luming anafuula ali pakhomo. "Mwezi winanso? Manang, akulu anga, ana adya kabuku kanuko?"

"Azidya kwanga."

"Sindine wopemphetsa ine!"

Anapita. Mwezi wonsewo ankayenda mtunda wautali kukatola kumudzi wina, kumene nkhono zake n'zazing'ono ngati chikhadabo. Akamadutsa pakhomo pa mkulu wake ankayang'ana kumbali. A Prosing sanamutsatire. Anamata chidziwitso pachitseko cha holo, china pamalo okocheza mabwato, ndipo aliyense wobwera ndi buluku long'ambika ankachoka atawerengeredwa.

Mu Meyi tinabwera 26. Amuna ambiri anali atamva zowawa kunyumba, chifukwa si Luming yekha ankatola. Pempho litawerengedwa, Peding Sarabosing, munthu wa mawu ngati injini ya bwato, anadzuka.

"Makumi atatu n'chiyani? Tipange zana! Amayi athu atole momasuka!"

Anthu anaomba m'manja. Boyong anangomwetulira, ndipo ine ndinadziwa chifukwa chake.

"Khala pansi, Peding, usatimize," anatero a Prosing. "Chidziwitso chinati makumi atatu. Kuchepetsa tingathe, kupitirira ayi. Amene atsala kunyumba lero atsala atamva makumi atatu. Ukafuna zana tibwerera pa manja awiri mwa atatu, ndipo ulibe."

"Nang, inu muli mbali iti kodi?"

"Mbali yodziwa kuwerenga."

Holo inaseka. Peding anabweza mawu ake akung'ung'udza. Tinavota pa mikwamba makumi atatu: manja 15 anavomera, 11 anakana.

Boyong anapempha buku. Anawerenga mfundo ya Marichi, imene inali monga tinainenera, yopanda chofufuta. Anawerenga chidziwitso cha Epulo, anawerenga manja a tsikulo. Anafunafuna poti agwire, sanapapeze.

"Mwandidya mwachilungamo, Nang," anatero. "Mitengo ya malire ndikazika ndekha, kuti wina asawonjezere mkwamba."

Anakazikadi m'mawa mwake, akuyeza ndi chingwe, ine nditagwira mbali ina. Malirewo alipo mpaka lero, ndipo palibe anawatsutsapo.

A Prosing anatula cholembera maso atayamba kuvuta. Anatisiyira mabuku asanu ndi anayi.

Za Luming, analowa pamiyala Lachiwiri la sabata yomweyo, madzi ataphwa cha m'ma naini. Ndinali pamalo anga aulonda, sanandipatse moni. Anatola mpaka madzi kubwerera, anakaphika nkhonozo ndi mkaka wa kokonati, zidzukulu zinadya. Kwa mkulu wake sanatumize mbale. Anataya miyezi iwiri, ndipo ankaiwerenga. Awiriwa anayambanso kulankhulana mu Ogasiti, pamaliro a msuweni wawo.