Khonde Loyang'ana Kummwera

Ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba. Chaka chomwe ndinaganiza zowamangira amayi nyumba kwathu, m'mapiri a ku Ntchisi, mu ofesi mwathu ku Lilongwe munali mutangofika pulogalamu ya pakompyuta yoyesa nyumba isanamangidwe. Umayipatsa pulani, n'kuyiuza malo, mtundu wa njerwa ndi denga, iyo n'kukuonetsa komwe dzuwa lidzalowere, mbali yomwe mphepo idzawombe, ndi chipinda chomwe chidzazizire. Chipinda chofunda chimaoneka chofiira, chozizira chabuluu. Anzanga ankadandaula kuti ndi chintchito chongowonjezera. Ine ndinayikonda, chifukwa m'mutu mwanga munali chifuwa cha amayi.

Amayi anatha zaka zambiri akusankha fodya m'zigafa pa esiteti ina ku Dowa, ndipo fumbi lake linawasiyira chifuwa chosamva mankhwala. Juni akafika, nkhungu n'kutsika m'phiri, ankatsokomola mpaka kugwirira chitseko. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: azigona m'chipinda chofunda.

Ndinayesa pulaniyo mobwerezabwereza mpaka inakhala bwino. Nyengo yozizira dzuwa limadzera chakumpoto, mphepo yamwera n'kumawomba kuchokera mbali inayo. Choncho khonde, mawindo aakulu ndi chipinda cha amayi ndinaziika kumpoto. Kummwera ndinaikako khoma lokhuthala ndi kachipinda kosungira katundu. Chipinda chawo chitafiira pakompyutapo, ndinawomba m'manja ndekhandekha ngati wamisala.

Ndinapita nayo laputopu kumudzi. Amayi anakhala pamphasa, pambali pawo amalume anga, omwe ndi mkulu wa mpingo ndipo nkhani yapabanja siyidutsa osaikapo mlomo.

"Ndiye khomo lili kuti?" anafunsa amayi.

"Kumpoto, amayi. Onani, dzuwa lizikupezani pabedi."

"Kumpotoko kuli ndani? Si mabulugamu okhaokha?"

Amalume anaseka. "Mphwanga, nyumba zathu zonse zili kummwera, njira ya kutchalitchi ili kummwera. Ukufuna anthu azinena kuti mayi ako atalemera anatifulatira?"

Ndinalongosola zofiira ndi zabuluu mpaka kukhosi kuuma. Pamapeto onse awiri anati, "Tamva." Kwathu munthu akati tamva sikuti wavomera, koma tsiku limenelo ndinafuna kukhulupirira. Ndinasiyira mmisiri pulani, n'kubwerera kuntchito.

Pobweranso ndinapeza makoma atafika pamawindo, nyumba itayang'ana kummwera. Mmisiri uja, bambo wofatsa wa kumpingo kwathu komweko, anavula chipewa.

"Bwana, sindinasinthe kalikonse. Miyeso yonse ndi yanu. Ndangotembenuza pepala, momwe mayi anandiuzira."

Ndinakalipa tsiku limenelo, mpaka azakhali a nyumba yapafupi kutuluka kudzaona. Amayi anandisiya ndimalize, kenako anati, "Iwe umagona ku Lilongwe. Ine pakhonde pano ndiziona opita kuchigayo, opita kumapemphero. Tsiku lina ndikadzalephera kudzuka, anthu adzaone kuti chitseko changa sichinatsegulidwe. Mabulugamu akoawo adzaona?"

Mkwiyo wanga sunathe. Nditafika ku ofesi ndinatembenuza nyumbayo mu pulogalamu. Chipinda cha amayi chinasanduka chabuluu, kachipinda kakatundu kaja n'kufiira. Ndinayesa siling'i, ndinayesa kuchepetsa windo, ndinayesa mpanda wotchinga mphepo. Buluuyo ankangowalako pang'ono, osachoka. Siling'i ndinawaikira, makatani okhuthala ndinawagulira. Mpanda anakana, ati uwabisira njira. Ndinawachonderera kuti azigona m'kachipinda kakumpoto miyezi yozizira yokha. Anati munthu wamkulu sagona kukachipinda kakuseri ngati mlendo, ndipo anaunjikamo matumba a chimanga.

Nyumbayo anayikonda, ndisaname. Ukafika unkawapeza pakhonde atafunda bulangete, akupereka moni kwa aliyense wodutsa. Koma mphepo inkalowa m'chipinda chawo ngati kwawo. Anayamba kulowetsamo mbaula, utsi wa makala n'kumakulitsa chifuwa chija. Ndikawaimbira foni ndinkamva kupuma kwawo ndisanamve mawu. Ndinkachita mantha, ndipo mantha anga ankatuluka ngati ukali. Tinkasiyana titakangana.

Nyengo ina yozizira, azakhali aja anaona kuti dzuwa lakwera koma chitseko cha amayi chidakali chotseka. Anathamanga, anawapeza thupi litatentha, akulephera kuyankhula. Zinachitika momwe amayi ananenera, anthu anaona. Kuchipatala anati ndi chibayo, ndipo mapapo awo analibenso mphamvu yolimbana nacho. Ndinafika atatsikira kale kuli chete.

Pamaliro amayi a chigwirizano anadzaza khonde lija, akuimba atafunda zitenje mpaka kumutu chifukwa cha mphepo. Amalume poyankhula anayamikira kuti malemu anamanga nyumba yoyang'ana abale ake. Anthu anavomereza. Mpaka lero sindidziwa woti ndimukwiyire, ndipo ndikamaonetsa anthu zofiira ndi zabuluu mu ofesi, ndimayamba ndawafunsa kuti abale awo amakhala mbali iti.

Masana a tsiku la malirolo ophika anapempha chimanga china choti apite nacho kuchigayo, ndipo makiyi anali ndi ine. Ndinatsegula kachipinda kakumpoto kaja. Dzuwa linali litalowa pawindo n'kugwera pamatumba, m'chipindamo muli mofunda bwino, mopanda ngakhale kamphepo. Ndinapisa dzanja m'thumba limodzi. Chimangacho chinali chouma gwa, chofunda, chopanda ndi nkhungu yomwe. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira.